Timitengo ta Bwemba ta ku Katoto ndi Msana wa Ababa



M'kope lino ndati ticheze za msana. Ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja yathuyi, kuyambira ku Makanjira, Malindi, Chipoka, Senga Bay mpaka kwathu ku Nkhotakota, muli munthu amene akati adzuke pamkeka amayamba wagwira m'chiuno ndi kubuula. Ena n'chifukwa cha nkhafi ndi khoka, ena kuwokera mpunga m'madambo, amayi nawo mitolo ya nkhuni ndi ndowa za madzi. Kwathu munthu ameneyo ndi ababa anga. Za iwo ndizifika bwino. Ndiyambe ndi zimene zidandionekera ine pa ulendo.

M'mwezi wa Julaye chaka cha 2024 ndidapempha tchuthi cha masiku ochepa pamadrasa kuti ndikaone achemwali anga amene adakwatiwa ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu. Amene mudayendapo msewu wa M5 mukudziwa kuti kuchokera ku Nkhotakota ndi mtunda wa makilomita oposa 200. Malo amene ndidapeza m'minibasi adali a kumbuyo kwa dalaivala, mawondo ali m'khosi, thumba la mpunga wa achemwali lili pamiyendo. Tidadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, tidawoloka Dwambazi, kenaka Tukombo, Chintheche ndi mitengo ya labala ya ku Vizara, ine ndili chipindikire. Titayamba kukwera zitunda kuchokera ku Nkhata Bay, mphepo idasintha. Nyanja yathu ili pa mamita osafika 500 kuchokera pamene palekezera nyanja ya mchere, pamene Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200. Munthu wa kunyanja ukafika kumeneko m'chisanu, kuzizira kumakulowa m'mafupa.

Kutacha, msana udali utauma gwa ngati thabwa. Pa Swala ya m'bandakucha ndidalephera kuwerama pa rukuu, ndipo ndidamaliza chokhala pansi, ine munthu wa zaka za m'ma 30. Alamu anga adaona zonsezi koma sadanene kanthu kufikira titamwa tiyi.

"Alamu, msanawu wayamba liti?"

"Dzulo lomweli, m'galimoto."

"Simudagwepo kapena kumenyetseka penapake? Thupi silikutentha? Miyendo sikuchita dzanzi? Nanga mkodzo ukutuluka bwinobwino?"

Ndidaseka ngakhale kuseka komweko kunkandipweteka. "Kodi udokotala mudauyamba liti, inu a malonda a zovala?"

Iwo adadikira mpaka nditayankha funso lililonse. Kenaka adalowa kuchipinda nabwera ndi kathumba kansalu. M'menemo mudali timitengo tiwiri tosemedwa bwino. Kena kadali ngati nyundo yaing'ono, kena ngati chikhomo chotalika ngati dzanja, kumapeto kwake kosalala ndi kobuntha. "Mtengo uwu mukuudziwa, alamu," adatero. Ndidautembenuzatembenuza koma sindidauzindikire. Adati ndi bwemba, bwemba yemwe uja timathyola m'mphepete mwa nyanja ndi kuviika m'madzi.

Alamu angawa akhala akupita ku Bangkok, m'dziko la Thailand, kukapikula zovala. Ulendo wina adakafika ku Chiang Mai, mzinda wa kumpoto kwa dzikolo, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 700 kuchokera ku Bangkok. Kumeneko msana udawavuta monga momwe udandivutira ine, ndipo mnzawo wina adawatengera kwa munthu wodziwa kutikita minofu ndi timitengo totere. Ataona kuti zawathandiza, adalipira kuti aphunzireko kwa masiku ochepa, nagula timitengo tawo.

Eni ake amautcha tok sen mchitidwe umenewu. M'chinenero chawo, tok ndiye kugogoda kapena kukhoma, ndipo sen ndiye mizere. Asing'anga akale a ku Thailand ankaphunzitsa kuti m'thupi la munthu muli mizere ikuluikulu khumi momwe mumayenda mphamvu, ndipo kuti ikatsekeka munthu amamva kuwawa. Madokotala a masiku ano amafotokoza mwina. Iwo amanena za minofu imene imakungika munthu akakhala nthawi yaitali mopindika, akazizidwa kapena akagwira ntchito yolemetsa, ndipo imamasukako ikakanikizidwa, ikafunditsidwa ndiponso munthuyo akamayendayenda. Kugogoda kwa timitengoti ndi njira imodzi yokanikizira mnofu, kusiyana kwake n'kwakuti kunjenjemera kwake kumalowa m'kati.

Tok sen adachokera m'chigawo cha kumpoto chimene kale chidali ufumu wa Lanna. Mfumu Mangrai ndiye adamanga Chiang Mai m'chaka cha 1296 kuti likhale likulu la ufumuwo. Chimene chidandigwira mtima ndi tanthauzo la dzinali: Lanna ndiye kuti minda ya mpunga miliyoni imodzi. Akuti anthu amene adayamba kugogodana misana ndi bwemba adali alimi a mpunga, oweramira m'matope tsiku lonse ngati abale athu a ku Bua ndi ku Lifuwu. Luso la kutikita thupi la anthu a ku Thailand, limene eni ake amati nuad Thai, lidatchuka mpaka bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse m'mwezi wa Disembala 2019.

Alamu adayala mkeka ndi bulangete pabalaza nandiuza kuti ndigone chafufumimba. Sadandiuze kuti ndivule malaya, pakuti tok sen amachitira pamwamba pa zovala. Ndisaname, mantha adandigwira. Munthu wakuimirira pamsana ndi nyundo m'manja! Adaika chikhomo chija pa mnofu wa m'mbali mwa fupa la msana nayamba: go, go, go. Akagogoda katatu kapena kanayi, amasendeza chikhomocho pang'ono, ngati kutalika kwa chala, n'kugogodanso. Phokoso lake lidandikumbutsa mmisiri wokhoma boti padoko. Lidali lalikulu kuposa ululu wake, moti mwana wa achemwali adathamangira kukhitchini kukanena kuti abambo ake akukhoma amalume misomali.

Poyamba ndinkangomva kugunda kwa pakhungu. Pang'ono ndi pang'ono ndidayamba kumva kunjenjemera kukutsikira m'kati mwa mnofu, kumene chala sichingafike. Atafika pansi pa phewa lamanja, pamene padali pataundana ngati mwala, ndidakuwa. Pompo adaleka, nafewetsa dzanja, nazungulira malowo m'mbalimbali osawalunjika. Pa fupa lenileni la msana sadagogodepo n'kamodzi komwe. Pakhosi ndi m'munsi mwa nthiti, m'mene muli impso, adadumphapo. Ntchito yonse idatenga ngati theka la ola.

Nditadzuka, msana udali wofunda ndi wopepukako. Pa Swala ya masana ndidawerama, ngakhale mosamala. Sindinganene kuti ndidachira tsiku lomwelo ayi. Mawa lake malo ena adali akuwawa ngati ndamenyedwa, ndipo padapita masiku atatu ndisanabwerere mwakale. M'masiku amenewo ndinkagona mofunda, ndinkayenda pansi kuchokera ku Katoto kupita kumsika waukulu ndi kubwerako, ndipo zonsezi zidathandizana. Komabe chithandizo choyamba chidachokera ku timitengo tija, ndipo ndidavomereza mawu a akulu akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Pali zinthu ziwiri zimene ndiyenera kuzitchula kwa inu amene mumayenda maulendo a malonda ndipo mungakumane nazo zoterezi. Choyamba, alamu adandiuza kuti ogulitsa timitengoti amatamanda kwambiri tosemedwa kuchokera ku bwemba amene adawombedwa ndi mphenzi, ndipo tina amakatipemphereretsa kwa ansembe achibuda. Iwo adagula timitengo wamba. Adachita bwino, pakuti mtengo ndi mtengo, ndipo wochiritsa ndi Allah yekha. Luso la manja tingaphunzire kwa mtundu uliwonse wa anthu, koma chikhulupiriro chokuti mphenzi idasiya mphamvu m'thabwa tichisiye komweko. Chachiwiri, mwamuna atikitidwe ndi mwamuna mnzake, mkazi ndi mkazi mnzake, kupatula pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. M'mizinda ikuluikulu muli nyumba zina zolembedwa kuti n'zotikita minofu pamene m'katimo mukuchitika zina. Safunsa adadya phula: funsani anthu okhulupirika musanalowe.

Tsopano ndifike pa nkhani ya ababa. Usiku wotsiriza tili pa chakudya, ndidauza alamu maganizo amene ndidali nawo. Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo waukulu wa bwemba. Ndidati ndijambule timitengo tawoto papepala, ndikapatse kalipentala wa kwathu asemeko totere, kuti ndizikagogoda msana wa ababa umene wawavuta kwa zaka zambiri.

Alamu adaika mbamu pansi. "Ayi alamu, zimenezo musakayese. Ababa adapitirira zaka 70, ndipo mafupa a munthu wamkulu sachedwa kuthyoka. Ine ndemwe ndidangophunzira masiku ochepa, n'chifukwa chake ndimangogwira achinyamata ngati inu, ndiponso pa minofu yokhayokha. Inu mwangomva kumsana, simudaone n'komwe pamene ndinkaika chikhomo. Mukakhoma pa impso kapena pa nthiti, mudzati chiyani?"

Ndisanayankhe, achemwali amene adali chete nthawi yonseyi adalankhula. "Achimwene, kodi mudawagwira liti msana ababa ndi manja anu?"

Ndidasowa chonena. Iwo adapitiriza kundikumbutsa za ubwana wathu. Ababa akabwera kunyanja m'mawa atakoka khoka usiku wonse, ankagona pamkeka pakhonde, ndipo ife ana, tikadali opepuka, tinkasinthana kuwaponda pamsana titagwira khoma. Madzulo amayi ankatereka madzi, n'kuviikamo nsalu, n'kuwathowa m'chiuno, pomaliza n'kuwasisita ndi mafuta a nsatsi. Amayi adatisiya m'chaka cha 2019, Allah awakhululukire ndi kuwachitira chifundo. Kuchokera nthawi imeneyo palibe adaterekanso madzi aja. Ine amene ndimakhala nawo pafupi, ababa akadandaula ndinkangotuma mwana kugolosale kukagula mapiritsi opha ululu, ndipo ndinkadziona ngati mwana wosamala makolo. Ndidachita kuyenda makilomita oposa 200, ndi kugogodedwa ndi bwemba wa ku Thailand, kuti ndikumbuke nsalu ndi madzi otentha.

Nditabwerera kwathu ndidayamba kuwerenga za matenda a msana, ndipo zimene ndidapeza ndikugawireni. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni adali ndi vuto la kuwawa kwa msana cha m'chiuno. Mwa anthu khumi alionse odwala chotere, pafupifupi asanu ndi anayi sapezeka ndi nthenda yodziwika imene yayambitsa ululuwo. M'mwezi wa Disembala 2023 bungweli lidatulutsa malangizo a kasamalidwe ka anthu amene msana wawapweteka kwa miyezi yoposa itatu. Mwa zina zimene lidavomereza muli kuphunzitsa wodwalayo za vuto lake, masewero olimbitsa thupi, kutikita minofu, ndi mankhwala ena opha ululu. Kugona tsiku lonse kuopa ululu sikuthandiza, chifukwa minofu imankira kufooka.

Za mapiritsi ndidaphunzira mochedwa. Mankhwala a mtundu wa Brufen ndi Indocid, amene ambiri a ife timangogula tokha, ndi othandiza akamwedwa kwa masiku ochepa monga mwa malangizo a chipatala. Akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, makamaka ndi munthu wachikulire kapena wopanda kanthu m'mimba, angathe kuyambitsa zilonda za m'mimba, kukweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso. Ababa adali atayamba kale kudandaula kutentha kwa pamtima, ine n'kumati ndi nyemba. Ndidapita nawo kuchipatala cha boma. Adawayeza, nawaletsa kumwa mapiritsi aja mwachisawawa, nawapatsa mankhwala a m'mimba. Za msana adati ndi ukalamba ndi ntchito ya zaka zambiri, ndipo adawalangiza kuyenda pang'ono tsiku lililonse ndi kufunditsa pamalo powawapo.

Madzulo a tsiku limenelo nditachoka ku Swala ya Magharibi ndidatereka madzi ndekha. Ababa ataona beseni ndi nsalu adakana. "Mwalimu wathunthu kugwira ntchito imeneyi? Ana ako a pamadrasa akaona adzati chiyani?" Ndidati, "Ababa, akaona ndiye bwino, mwina akachita chimodzimodzi kwawo." Adang'ung'udza koma adagona. Nditakweza malaya awo ndidadzidzimuka ndi kuwonda kwawo. Msana umene tinkauponda tili ana, wotakata ngati chitseko, udali utatsala mafupa okhaokha. Ndidaganiza za chikhomo ndi nyundo zimene ndinkafuna kusemetsa, ndipo ndidathokoza Allah chifukwa cha alamu amene adandikaniza.

Kuchokera pamenepo timachita zimenezi katatu kapena kanayi pa sabata, ine ndi mwana wanga wachisamba mosinthana. Msana wa ababa sudachire, ndipo pa msinkhu wawo sitiyembekezera kuti ungabwerere mwakale. Koma amagona tulo, amayenda okha kupita kumzikiti, ndipo mapiritsi amamwa mwa apo ndi apo. Ali chigonere chomwecho amasimba za mwera umene udawagwira pakati pa nyanja ali anyamata, ndi za m'mene adafunsirira amayi, nkhani zimene m'zaka zonsezi sindidazimvepo.

Kwa inu amene mukufuna kuyamba, kachitidwe kake n'kosavuta. Madzi akhale otentha moti dzanja lanu lingapirire, osati owira. Finyani nsalu, muiyese pa mkono wanu, kenaka muiike pamalo powawapo mpaka itayamba kuzizira, ndipo mubwereze kwa mphindi 15 kapena 20. Samalani kwambiri ndi odwala matenda a shuga, pakuti ena khungu lawo silimva kutentha ndipo angapse osadziwa. Mukatha, pakani mafuta pang'ono m'manja ndi kusisita minofu ya m'mbali mwa fupa la msana ndi chikhatho, kuchokera m'chiuno kukwera kumapewa. Musakanikize pa fupa. Muzifunsa kawirikawiri ngati zikupweteka, ndipo akati zikupweteka, lekani. Okalamba asapondedwe pamsana ngakhale ndi mwana.

Koma kumbukirani kuti alamu asanatulutse timitengo tawo adayamba andifunsa mafunso. Pali kuwawa kwina kumene sikufuna kuthowa, kusisita ngakhale kugogoda, koma chipatala msangamsanga. Ngati msana wayamba munthu atagwa mumtengo, panjinga kapena pa ngozi ya galimoto, musamugwiregwire. Ngati ululu ukudza pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, kapena pamsana patuluka kalinunda, dziwani kuti chifuwa chachikulu cha TB chimagwiranso mafupa a msana. Ngati miyendo ikufooka kapena kuchita dzanzi, kapena munthu akulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, thamangani naye tsiku lomwelo. Ife a kunyanja tisaiwalenso likodzo, limene nthawi zina mazira ake amakafika ku mtsempha waukulu wa m'kati mwa msana ndi kupuwalitsa miyendo. Ululu wa m'munsi mwa nthiti wodza ndi magazi mumkodzo kapena kuwotcha pokodza ndi nkhani ya impso ndi chikhodzodzo. Mayi woyembekezera akamva msana pamodzi ndi kupotokola kwa m'mimba kapena kutaya magazi, apite kuchipatala.

Chenjezo lotsiriza ndi la apaulendo. Munthu akakhala maola ambiri m'basi kapena m'ndege osatambasula miyendo, magazi angathe kuundana mumtsempha wa mwendo. Mukatsika n'kuona mwendo umodzi watupa, ukutentha ndi kuwawa m'katumba, musausisite ndipo musalole wina kuugogoda, chifukwa magazi oundanawo angathothoke ndi kukatseka m'mapapo. Pitani kuchipatala. Pa ulendo wautali, galimoto ikaima tsikani muyendeko pang'ono, ndipo muzimwa madzi.

Timitengo ta bwemba tija tidatsala ku Katoto m'kathumba kake, ndipo ndikadzapitakonso m'chisanu ndidzapempha alamu kuti andigogodenso. Bwemba wa kuseri kwa nyumba yathu sadadulidwe nthambi. Pempho langa kwa inu ana ndi adzukulu ndi lakuti madzulo ano mufunse abambo, amayi kapena agogo anu kuti m'thupi mukupweteka pati, ndi kuti mwayamba liti. Mukamva zizindikiro zimene ndatchulazi, aperekezeni kuchipatala. Ngati n'kutopa kwa ntchito ndi ukalamba, terekani madzi.

Allah atipatse thanzi ife ndi makolo athu, ndipo awachitire chifundo amene adatsogola. Tidzachezanso m'kope lotsatira, Insha Allah.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.